Kamvekedwe ka Matepi Ojambulidwa Mobisa pa Zoimbaimba za Rock

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 komanso m'zaka za m'ma 1970, pamene magulu oimba nyimbo za rock monga The Rolling Stones ndi Led Zeppelin ankadzaza maholo akuluakulu ku America ndi ku Ulaya, ena mwa oonerera ankalowa ndi makina ojambulira mawu atawabisa, ndipo zomwe ankajambulazo, zotchedwa bootleg chifukwa zinalibe chilolezo cha oimba, ankazigulitsa kapena kusinthanitsa. Matepiwa amasiyana kwambiri kamvekedwe kake, moti ena amangomveka chiphokoso pamene ena amapikisana ndi zimbale zovomerezeka.

Chimene chimathandiza kwambiri kuti tepi imveke bwino ndi malo amene wojambula anakhala. Mawu ochoka m'masipika amafika pa maikolofoni m'njira ziwiri: ena amabwera molunjika, pamene ena amayamba awomba makoma ndi denga kenako n'kufika mochedwa. Munthu akakhala kumbuyo kwa holo, makamaka m'mabwalo amasewera amene sanamangidwe poganizira nyimbo, mawu obwererawa ndi amene amachuluka, ndipo besi ndi ng'oma zimasakanikirana n'kumalirima ngati mabingu akutali. Akayandikira kwambiri pulatifomu, chida chimodzi chimaphimba zinzake. Palinso vuto la anthu oyandikana naye, pakuti kuwomba m'manja kwa munthu mmodzi wapafupi kumaposa gulu lonse loimba.

Zida nazonso zinali ndi gawo lake. Makina otchipa a makaseti ankadzichepetsera okha mphamvu ya mawu phokoso likakwera, zimene zinkachititsa kuti nyimbo izimveka ngati ikumira n'kuvuukanso, ndipo mabatire akayamba kutha tepi inkayenda pang'onopang'ono, moti poimvetsera pambuyo pake nyimbo zimathamanga ndipo mawu a woimba amakwera. Ojambula aluso ankapewa zimenezi. Pa 9 November 1969 ku Oakland, The Rolling Stones anajambulidwa ndi makina a Uher ndiponso maikolofoni ya Sennheiser yotola mawu a mbali imene yalozetsedwa, ndipo chimbale chimene chinatuluka, Live'r Than You'll Ever Be, chinatamandidwa kwambiri, moti ambiri amakhulupirira kuti n'chimene chinafulumizitsa gululo kutulutsa Get Yer Ya-Ya's Out! mu 1970. Mmodzi mwa ojambula otchuka kwambiri anali Mike Millard, amene ankalowetsa makina a Nakamichi 550 ndi maikolofoni a AKG m'maholo a ku Los Angeles ndi madera ozungulira atakhala pa njinga ya anthu olumala ngakhale anali woyenda bwinobwino. Tepi yake ya Led Zeppelin ya pa 21 June 1977 ku The Forum, yodziwika ndi dzina loti Listen to This Eddie, imamveka bwino zedi, ndipo gululo, lomwe linkadana ndi ojambula mobisa, linagwiritsa ntchito chigawo chake pa DVD yawo ya mu 2003.

Ngakhale tepi yabwino inkawonongeka ikamakoperedwa kuchoka pa kaseti ina kupita pa ina, chifukwa ulendo uliwonse kaphokoso kakumbuyo kankawonjezeka ndipo mawu akuthwa ankazilala. N'chifukwa chake osonkhanitsa matepi amafunsa kaye kuti kaseti inakoperedwa kangati kuchokera pa yoyambirira.

Ambiri amaganiza kuti mawu otengedwa pa mikisa, makina amene katswiri amasakanizira mawu a oimba asanapite kumasipika, ndiwo abwino nthawi zonse, koma maganizowa si oona kwenikweni. Katswiriyo ankakweza zokhazo zimene zinkaperewera m'holo, choncho gitala yomwe inkamveka kale mwamphamvu kuchokera pa pulatifomu kawirikawiri imamveka motsika pa tepi yotere, ndipo khamu la anthu silimveka kwenikweni. Tepi ya m'khamu, ngakhale ili ndi zilema zake, imasunga zimene oonerera anamvadi. Gulu la Grateful Dead linamvetsa zimenezi ndipo mu 1984 linapatula malo oti ojambula aziimikapo maikolofoni awo poyera. Masiku ano okonda matepiwa amaphatikiza mitundu iwiriyi pa kompyuta, ntchito imene imafuna kusamala chifukwa mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, moti amafika mochedwerapo pa maikolofoni a m'khamu, ndipo liwiro la makaseti awiriwo silifanana ndendende, choncho amayenera kuwagwirizanitsa kachigawo ndi kachigawo mpaka nyimbo yomaliza.