Mtengo wa pa tikiti si mtengo wonse

Anzanga a pamsika, inu mukudziwa kuti chotchipa chimadula pambuyo. Ine ndakhala ndikuwerenga za sitima za pamadzi zimene anthu olemera amakwera pokasangalala, ndipo ndapeza kuti nkhani yake ndi yomweyo.

Tikiti wamba ya Cunard, eni sitima ya Queen Mary 2 imene idayamba maulendo m'chaka cha 2004, imaoneka yotsikirako. Komatu mowa mumagula panokha, ndipo tsiku ndi tsiku amakuonjezerani kangachepe kothokozera antchito. Regent Seven Seas imaluma poyamba pomwe, koma zakumwa, kangachepeko ndi maulendo ambiri okaona malo zili momwemo. Nayo Viking siyilola ana osakwana zaka 18, ndipo juga mulibe.

Belo la kaunjika timagula osaona m'kati. Tikiti yotereyi ayi: funsani kaye, muli chiyani m'menemo?