Seva ya Pakhomo: Ntchito Zitatu za Kompyuta Yakale

Chiyambi

Mawu oti seva tinabwereka ku Chingerezi, ndipo tsinde lake ndi mneni wotanthauza kutumikira. Ambiri tikamva mawuwa timaganiza za makina akuluakulu a m'zipinda zozizira za mabanki ndi makampani a mafoni, makina oti wophunzira wodalira ngongole ya boma sangawalote n'komwe. Koma mawuwo pawokha akutiuza zina. Seva ndi dzina la ntchito, osati la mtundu wa makina. Kompyuta iliyonse imene yapatsidwa ntchito yotumikira makompyuta ndi mafoni ena ndi seva, monga mmene mwana aliyense wotumidwa kumsika amakhalira mthenga pa nthawiyo, kaya ndi wamtali kaya wamfupi.

M'nkhani ino ndifotokoza mmene munthu wopanda ndalama zambiri angakonzere seva ya pakhomo yogwira ntchito zitatu: kusunga ndi kugawa mafayilo, kuchititsa masewera a anthu angapo, ndi kuteteza netiweki ya m'nyumba. Ndikulemba monga wophunzira wa zilankhulo ndi nkhani zamchezo ndi zolembedwa, osati katswiri wa makompyuta. Chinandikokera ku nkhaniyi ndi kafukufuku wathu yemweyu. Timajambula mawu a agogo akusimba nthano, nyimbo za pamtondo ndi macheza a pamsika, kenaka zonsezo timazisiya m'foni imodzi imene ikhoza kubedwa m'minibasi tsiku lililonse. Agogo amene anaimba nyimboyo mwina chaka chamawa sitidzawapezanso. Mfundo yanga ndi yoti mtengo weniweni wa seva suli pa kugula makina ayi, uli pa magetsi ndi chisamaliro.

Kusankha makina

Pali njira zitatu zotsika mtengo. Yoyamba ndi kompyuta yakale ya patebulo, monga zimene maofesi amagulitsa akagula zatsopano. Yachiwiri ndi Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain m'chaka cha 2012. Yachitatu ndi laputopu yakale, ngakhale yosweka galasi kapena yofa mabatani, popeza seva ikangokonzedwa siyifunanso kuti munthu aziyang'anapo kapena kulembapo. Makina otere sakusowa. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha masiku onse cha Windows 10, ndipo makompyuta ambiri akale sakwaniritsa zofunika kuti alandire Windows 11, chonsecho akadali ndi mphamvu zochuluka.

Posankha, funso loyamba likhale la magetsi, chifukwa seva imakhala yoyaka usana ndi usiku. Masamu ake ndi osavuta. Yuniti imodzi ya pamita ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti kompyuta ya patebulo ikudya mawati 80. Pa maola 24 kwa masiku 30 idzadya mayunitsi 57.6. Makina odya mawati 10 okha adzadya mayunitsi 7.2 pa nthawi yomweyo. Choncho kompyuta imene mwapatsidwa ulere ikhoza kukudyerani ndalama zambiri pachaka kuposa ina imene mukanagula.

Ine ndinasankha laputopu yakale, ndipo chifukwa chachikulu ndi batire. Kwathu kuno magetsi amazima mosachenjeza, ndipo kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili pakati polemba fayilo, fayiloyo ikhoza kuwonongeka. Batire, ngakhale lotha mphamvu losunga moto kwa mphindi 20 zokha, limapatsa makina mpata wozima mwadongosolo. Batire likayamba kutupa lichotsedwe msanga popeza likhoza kuyambitsa moto. Kuwonjezera apo, RAM ya 8 GB ndi yokwanira pa ntchito zitatu zathuzi. Seva ilumikizidwe ku rauta ndi chingwe, osati Wi-Fi, ndipo iikidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi fumbi, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Pulogalamu yoyendetsa makina

Ma seva ambiri padziko lapansi amayendera Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds anayamba kulemba m'chaka cha 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Linux ili ndi mitundu yambiri. Kwa woyamba kumene, wosavuta ndi Ubuntu, umene unatuluka m'chaka cha 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali si lachilendo kwa ife. Ubuntu wa Azulu ndi Axhosa ndiye umunthu wathu, ndipo mawu onse awiri ali ndi tsinde limodzi la Chibantu lomwe lilinso m'mawu oti munthu. Mtundu wa Ubuntu wolembedwa LTS umatuluka mwezi wa Epulo pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndipo umalandira zokonza za chitetezo kwa zaka zisanu mosalipira.

Ubuntu ya seva ilibe zithunzi zodina. Munthu amalemba malamulo pa chophimba chakuda, ndipo poyamba zimenezi zimachititsa mantha. Komabe wophunzira chilankhulo sayenera kuopa, pakuti lamulo lililonse lili ngati chiganizo cholamula: mneni amatsogola, pamtherankhani amatsatira. Mukamaliza kuika Ubuntu, chitani zinthu zitatu. Uzani makina kuti asagone mukatseka chivundikiro cha laputopu. Uzani rauta kuti izipatsa seva adiresi imodzimodzi nthawi zonse, mwachitsanzo 192.168.1.10, kuti mafoni asamaisowe. Pomaliza yatsani SSH, njira yotetezedwa yolamulira seva muli pa kompyuta ina. Zikatero laputopu ija ikhoza kukakhala pamwamba pa kabati.

Ntchito yoyamba: nkhokwe ya mafayilo

Pulogalamu yodziwika pogawa mafayilo ndi Samba, imene Andrew Tridgell wa ku Australia anayamba kulemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Dzinali silikukhudzana ndi mneni wathu wa kusamba. Mwini wakeyo anafufuza m'dikishonale mawu okhala ndi malembo S, M ndi B motsatana, popeza SMB ndi dzina la njira imene makompyuta a Windows amagawirana mafayilo. Samba imachititsa kuti foda ya pa seva ioneke pa laputopu kapena foni ya aliyense wa m'nyumba ngati kuti ili momwemo. Aliyense amakhala ndi foda yake yotsekedwa ndi mawu achinsinsi, ndipo pamakhalanso foda imodzi ya onse.

Ubwino waukulu ndi woti mafayilo akamayenda pakati pa foni ndi seva m'nyumba momwemo sadutsa pa intaneti, choncho bandulo siikhudzidwa. Malo nawonso ndi ochuluka. Ola limodzi la mawu ojambulidwa mwa mtundu wa WAV pa mlingo wa CD limatenga pafupifupi 635 MB, kutanthauza kuti hard disk ya 1 TB ingasunge maola oposa 1,500. Kalasi yathu yonse singajambule zochuluka chotere pa zaka zinayi.

Komabe nkhokwe imodzi ikapsa, banja limagona ndi njala. Hard disk iliyonse idzafa tsiku lina, ndipo yakale imafa msanga. Akatswiri amalangiza lamulo la 3-2-1: fayilo yofunika ikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Ine ndimasunga kope loyamba pa laputopu imene ndimalembera, lachiwiri pa seva, ndipo lachitatu pa hard disk ya m'manja imene imakhala kwa achibale kudera lina la tauni. Mbala kapena moto sizingafike konseko usiku umodzi.

Ntchito yachiwiri: bwalo la masewera

M'masewera a pakompyuta a anthu angapo, seva imagwira ntchito ya bwalo ndi woimbira yemwe. Imasunga dziko la masewerawo, imalandira zochita za wosewera aliyense, n'kuuza ena onse zimene zachitika. Chitsanzo chotchuka ndi Minecraft, masewera omanga zinthu ndi timabokosi, amene Markus Persson wa ku Sweden anawatulutsa koyamba m'chaka cha 2009. Pulogalamu ya seva yake ndi yaulere, ngakhale wosewera aliyense ayenera kugula masewerawo, ndipo kwa anthu ochepa RAM ya pakati pa 2 GB ndi 4 GB imakwana. Amene alibe ndalama angayese Luanti, masewera ofanana nawo koma aulere kotheratu, amene mpaka chaka cha 2024 ankatchedwa Minetest. Awa ndi opepuka moti amayenda bwino pa makina akale.

Chimene chimakoma posewera pa seva ya pakhomo ndi liwiro. Osewera amayeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, ndipo nthawiyi amaitcha ping. Seva ikakhala ku Ulaya, uthenga wochokera ku Zomba umayenda makilomita zikwizikwi, mbali ina pansi pa nyanja, moti wosewera amaona zinthu zitachitika kale. Seva ikakhala pabalaza, ping imangokhala mamilisekondi ochepa, ndipo masewera ngati Luanti amapitirira ngakhale bandulo itatha.

Ntchito yachitatu: mlonda

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mnzanu wa kutali akamva za sevayo amafuna kulowa nawo, inunso mumafuna kupeza mafayilo anu muli kusukulu. Koma walira mvula walira matope. Khomo limene mwatsegulira mnzanu, mbala nayo yaliona.

Kompyuta ili ndi makomo a manambala, otchedwa ma port, ofika 65,535. SSH imadikira pa khomo 22, Samba pa 445, ndipo Minecraft ya mtundu wa Java pa 25565. Pa intaneti pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kugogoda pa makomo a adiresi iliyonse usana ndi usiku, osasamala kuti mwini wake ndi banki kapena wophunzira. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka pongoyesa mawu achinsinsi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera kufakitale. Mu Meyi 2017 ina yotchedwa WannaCry inalowera pa khomo 445 la makompyuta a Windows osakonzedwa, n'kumanga mafayilo m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a zipatala za boma ku Britain, kenaka n'kumafuna dipo.

Maphunziro ake ndi anayi. Choyamba, sinthani mawu achinsinsi a rauta tsiku lomwe mwaigula. Chachiwiri, yatsani firewall, umene ndi mpanda wa kompyuta. Pa Ubuntu pali pulogalamu ya UFW imene imatseka makomo onse kupatula okhawo amene mwalola. Chachitatu, lolani kuti zokonza za chitetezo zizilowa zokha, ndipo pa SSH gwiritsani ntchito makiyi a manambala m'malo mwa mawu achinsinsi ongoloweza. Chachinayi, musatsegulire intaneti khomo la Samba ngakhale pang'ono.

Nanga wa kutali alowa bwanji? Yankho ndi VPN, njira yobisika yolumikiza foni yanu ndi netiweki ya kunyumba ngati kuti muli pabalaza. Yodziwika ndi WireGuard, imene inalowa mu Linux m'chaka cha 2020. Pali vuto limodzi lokhudza ambiri a ife. Intaneti yodzera pa netiweki ya mafoni nthawi zambiri imagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, choncho uthenga wochokera kunja sudziwa nyumba yoti ufikire. Pulogalamu ya Tailscale, yomangidwa pa WireGuard, imalambalala vutoli popanda kutsegula khomo lililonse pa rauta.

Seva ingatetezenso mafoni a m'nyumba kudzera mu Pi-hole. Foni ikafuna kutsegula tsamba la pa intaneti, imayamba yafunsa adiresi ya dzina la tsambalo. Pi-hole imalandira mafunso onsewa n'kukana kuyankha a mayina odziwika kuti ndi a otsatsa malonda, a ofufuza zochita za anthu kapena a mbava. Zimenezi zimapulumutsako bandulo. Dziwani komabe kuti siyitha kuchotsa malonda a pa YouTube, ndiponso kuti seva ikazima nyumba yonse imaoneka ngati ilibe intaneti mpaka mutasintha dongosolo la rauta.

Kwa ife ofufuza, chitetezo ndi udindonso. Mawu ojambulidwa ndi a eni ake, amene anatilola kuwajambula pokhulupirira kuti tidzawasamala. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta m'chaka cha 2024, koma ngakhale lamulolo pakanapanda, mayi amene anakusimbira za banja lake sanakutume kuti nkhaniyo ifike kwa aliyense wogogoda pa khomo 445.

Mawu omaliza

Taona kuti seva ya pakhomo siyifuna makina odula. Laputopu yakale, chingwe chimodzi, hard disk ndi mapulogalamu aulere ndi zokwanira. Chimene imafuna kwambiri ndi mwini wake wosatopa: wowerengera mayunitsi, wopukuta fumbi, woonetsetsa kuti zokonza zalowa, ndiponso woyesa kamodzi pamwezi kutsegula fayilo ya pa kope lachitatu kuti atsimikize kuti ikadali yamoyo. Langizo langa kwa ophunzira anzanga ndi loti muyambe ndi ntchito imodzi, ya mafayilo, m'nyumba mokhamokha. Ikakhazikika, onjezani masewera. Za kulowa muli kutali zibwere pomaliza, mutadziwa kale makomo onse a seva yanu ndi amene ali ndi kiyi wa khomo lililonse.