Ana a ku Ndirande avine beni

Ndikaona ana a pulayimale ku Ndirande kapena ku Bangwe akuphunzira beni pa phunziro la Expressive Arts, mtima wanga umadzaza ndi chimwemwe. Guleyu anayamba potsanzira perete wa asilikali a m'nthawi ya atsamunda. N'chifukwa chake ovina amandandalika m'mizere, chifuwa patsogolo, mtsogoleri akuliza wenzulo. Mwana akaimva mbiriyi, amadziwa chomwe phazi lake likupondera.

Komatu mphunzitsi mmodzi sangathe magule onse. Tchopa, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014, ali ndi eni ake: agogo achilhomwe omwe tikukhala nawo m'makwalalamu. Aphunzitsi, aitanenitu abwere ndi ng'oma zawo. Ana ayambe ndi kuomba m'manja mpaka agwire kagundidwe ka ng'oma, mapazi abwere pambuyo.