Galu amaphunzira posewera

Galu akafuna kusewera, amanena ndi thupi lake. Amatsitsa cifuwa pansi, matako ali m'mwamba, mcira ukugwedezeka uku ndi uku. Apo ndiye kuti akuti, "Tiye tisewere!" Iyi ndi nthawi yabwino yomuphunzitsa.

Anthu ena amaphunzitsa galu ndi ndodo. Galu womenyedwa amakhala wamantha. Akamuitana, amathawira kuseri kwa nyumba. Nthawi zina amayamba kuluma. Koma galu wosewera ndi mbuye wace amabwera yekha, cifukwa amadziwa kuti kuli zokondweretsa.

Ngakhale mwana angathe kuphunzitsa galu kukhala pansi. Cofunika ndi bola cabe, ngakhale ya nsanza. Mwana aonetsa galu bola ija, koma saponya. Aikweza pamwamba pa mutu wa galu ndi kunena kuti, "Khala!" Galu poyang'ana kumwamba, matako ace amatsikira pansi. Akangokhala, pomwepo mwana anena kuti, "Wacita bwino!" ndi kuponya bola. Galu uyo, liwiro!

Apa mwana asacedwe. Akacedwa, galu sadziwa cimene wacita bwino. Bola ndiyo malipiro ace. Akabwereza masiku angapo, galu amazindikira kuti kukhala pansi ndiko kumabweretsa bola.

Sewero lina ndi lokokana cingwe. Galu aluma mbali imodzi, mwana agwira mbali inayo. Pakati pa sewero, mwana aleka kukoka. Agwira cingwe osacigwedeza, nati, "Siya!" Cingwe cosagwedezeka sicikondweretsa galu, motero amacisiya. Akasiya, sewero liyambanso. Mau amenewa amathandiza tsiku limene galu wanyamula nsapato ya atate. Koma mano a galu akakhudza dzanja, sewero lithere pomwepo.

Mphindi 5 zakwana. Galu akatopa, samvanso. Dzuwa likatentha kwambiri, apumule pamthunzi ndi kumwa madzi. Ndipo mwana azisewera ndi galu wa pakhomo pao yekha, amene analandira katemera wa ciwewe. Galu wacilendo, ai.

Ku Mfuwe, pafupi ndi paki ya South Luangwa, kuli agalu amene amagwira nchito yaikulu. Anayamba m'caka ca 2014. Amathandiza kugwira anthu opha nyama za m'thengo mosaloledwa. Amanunkhiza m'magalimoto ndi m'matumba, kufunafuna minyanga ya njobvu, mfuti ndi nyama yobisidwa. Mphuno ya galu imamva fungo limene munthu sangalimve.

Nanga agalu amenewa anaphunzira bwanji? Posewera! Wophunzitsa amabisa cinthu cimene cili ndi fungo lija. Galu akacipeza, amamupatsa bola kapena cidole cokokana. Mawa amabisa pamalo pobvuta kupambana dzulo. Ndiye cifukwa cace amasankha agalu okonda bola kwambiri, aja osatopa nayo.

Galu wotere akamva fungo la minyanga m'thumba, sang'amba thumbalo ai. Amaima kapena kukhala pomwepo, kuonetsa kuti wapeza. Kenaka amadikira bola yace.