Pampu Yakale ndi Waya Wopita M'nthaka

Pa zitsime zina za pa sukulu ndi pa cipatala pali pampu yoyenda ndi magetsi. Magetsiwo afika ndi mphamvu ya mavolti 230, ndiyo mphamvu yokwanira kupha munthu wamkuru.

Magetsi ali ndi khalidwe lace: akapulumuka m'waya, afunafuna njira yolowera m'nthaka. Cifukwa cace amisiri aika mawaya atatu. Wofiirira abwera ndi magetsi, wabuluu awabweza, ndipo wacitatu, wa mizere yobiriwira ndi yacikasu, acokera pa citsulo ca pampu nakafika ku ndodo yamkuwa yokhomeredwa pansi. Waya wacitatuyo ndiye mlonda. Magetsi akataika, athamangira mwa iye, fyuzi niduka, ndipo munthu apulumuka.

Koma mapampu ena akale alibe mlondayo, kapena dzimbiri linamdya kale. Dzuwa ndi mvula zing'amba mpira wokuta mawaya, makoswe nawo aukukuta. Tsono waya wosabvala ukakhudza citsulo, pampu yonse idzala magetsi, ngakhale ioneka bwino ndi kutunga madzi monga masiku onse. Mwana akaigwira ndi manja onyowa, ali cosabvala nsapato pamatope, thupi lace lisanduka njira imene magetsi anali kuifuna. Pakuti khungu lonyowa liwatsekereza pang'ono pokha.

Zizindikilo za ngozi ndi izi: mpope kunyerenyetsa dzanja, pfungo la mpira wakupsa, fyuzi kuduka kawirikawiri, ndi waya womangidwa ndi nsanza kapena pepala. Mukaona cimodzi mwa izi, ana inu, musayesenso kaciwiri. Patukani, letsani anzanu, nimukauze aphunzitsi, kuti azimitse magetsi ndi kuitana mmisiri. Iye ayamba wadula magetsi, napima mawaya ndi cipangizo cace, nacotsa obvunda, naika waya wa m'nthaka. Kuika msomali m'malo mwa fyuzi yoduka nkupusa, cifukwa msomali suduka ngozi ikafika.

Mnzanu akagwidwa ndi magetsi, musamkoke ndi manja, mungagwidwe nonse awiri. Pfuulani, ndipo wina athamange kukazimitsa. Ngati pozimitsira pali kutali, imani pouma, nimumkankhe ndi mtengo wouma. Pambuyo pace apite naye kucipatala, ngakhale anene kuti ali bwino, pakuti magetsi abvulaza mtima kosaoneka ndi maso.