Mawu okoma okha sakwanira posankha wowerenga Korani

M'misika ya ku Mandimba ndi Mecanhelas, Asilamu amaikitsa Korani m'mafoni awo. Koma kodi amvere shehe uti?

Ambiri amathamangira Abdul Basit wa ku Egypt, amene anamwalira mu 1988, chifukwa cha mawu ake okoma ndi mpweya wautali. Komabe mwana wa kumadrasa amavutika kumutsatira. Wophunzira amapindula ndi Mahmoud Khalil al-Husary, yemwe mu 1961 anajambulitsa Korani yonse mofatsa, chilembo chilichonse chikumveka bwino.

Nkhaniyi si yamasewera ayi. Pa Chiarabu, "qalb" ndi mtima pamene "kalb" ndi galu. Mwana akazolowera katchulidwe kolakwika, kumuwongola ndi ntchito yaikulu. N'chifukwa chake makolo anzeru amayamba afunsa mwalimu wa kumzikiti asanalipire.