Makina Akalakwa, Mlandu ndi wa Yani?

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Misuku m'boma la Chitipa, ndidawafotokozera bambo anga za Ulangizi. Imeneyi ndi pulogalamu ya pa foni imene bungwe la Opportunity International lidayamba kuyesa muno m'Malawi m'chaka cha 2024. Mlimi amafunsa pa WhatsApp, kapena kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala, ndipo yankho limabwera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Bambo, amene amalima khofi ndi chimanga, adamvetsera mpaka nditatha. Kenaka adati, "Nanga chinthucho chikandinamiza, ndikadandaula kwa yani?" Ine ndidasowa poyankha.

Tiyeni tiyambe taona m'mene makina otere, amene amatchedwa AI, amagwirira ntchito. Akatswiri amawapatsa zolembedwa zambirimbiri, ndipo makinawo amaphunzira mawu amene kawirikawiri amatsatana. Mukawafunsa, amalumikiza mawu amene akuoneka oyenera. Ulangizi adauwonjezera buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi kuti usamayankhe zam'mutu. Komabe makina sadapondepo m'munda mwathu, ndipo akalakwa amayankha molimba mtima ngati akunena zoona. Vuto lina nlakuti zilankhulo za kwathu monga Chisukwa, Chindali ndi Chilambya zili ndi mabuku ochepa, choncho makinawa alibe poziphunzirira mokwanira.

Sindikunena kuti tiwakane. Alangizi a zaulimi ndi ochepa, ndipo nzeru zopangira makinawa ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Koma makina alibe chikumbumtima. Sachita manyazi, salapa, ndipo m'nkhokwe mukatha chimanga iwo samva njala.

Mpingo udalankhulapo kale pa nkhaniyi. Mu June 2024, Papa Francis adauza atsogoleri a maiko a G7 ku Italy kuti makina asapatsidwe mphamvu yosankha okha kuchotsa moyo wa munthu, monga zida zina zankhondo zingachitire. Mu January 2025, ku Vatican kudatuluka chikalata chotchedwa Antiqua et Nova. Chikalatachi chimaphunzitsa kuti woyankha mlandu pa zochita ndi munthu, osati makina.

Tsono funso la bambo anga lili ndi yankho. Amene adapanga makinawo ayenera kunena poyera kuti atha kulakwa. Amene amawabweretsa m'midzi ayenera kukhala pafupi kuti mlimi apeze munthu womudandaulira. Nayenso wofunsayo ayese yankho ndi nzeru zake, afunsenso mlangizi ndi achikulire asanathire mankhwala m'munda.

Kwa ife anyamata a m'seminale phunziro ndi lomweli. Mulungu akalola, tsiku lina akhristu adzabwera kwa ife ndi mavuto a m'banja ndi a mumtima. Mawu abwino atha kuwapeza pa foni, koma adzafuna wansembe wowamvera ndi kusenza nawo mtolo. Tiphunzire kugwiritsa ntchito makinawa, koma chikumbumtima chathu tisachibwereketse kwa iwo.